Bambo Amene Ankaika Mbina pa Ketulo

Pamsewu wathu aliyense ankawadziwa a Mbina, bambo wa situdiyo yopulinta makhadi, chifukwa chilichonse chimene ankajambula pa kompyuta chinkatuluka ndi mbina. Ketulo, mbina. Firiji, mbina. Ngakhale wilibala.

Sanayambe choncho. Zaka zitatu ankaika pa intaneti zithunzi za mitengo ndi mitambo, oonera anayi basi. Tsiku lina dzanja linaterereka pa mausi, ketulo n'kutupa kumbuyo. Anaiika choncho mwanthabwala. Pofika mawa lake anthu zikwi makumi awiri anali ataiona.

"Atelala, tabwerani," anandiitana, poti shopu yanga yosokera inali khomo loyandikana. "Makina a intanetiwa sadziwa ketulo. Amangoona pamene maso athu akuchedwa, n'kutiwonjezera zomwezo."

"Ndiye musiya?"

"Ndisiyirenji? Ndiwaonetsa anthu njala yawo, achite manyazi."

Manyazi ake ati! Abusa ena anadzapangitsa chikwangwani cha msonkhano wa chitsitsimutso. Atachilandira anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo, guwali lakhala bwanji kumbuyoku?"

"Lakhala bwino, abusa. Anthu abwera."

Anabweradi, ena mpaka kuima pawindo. Abusawo kuyambira pamenepo ankadutsa tsidya lina la msewu.

Koma zinawatopetsa a Mbina. Ndinkawapeza atagwira tsaya, akuwerenga ndemanga.

"Taonani uyu, atelala. Bambo wa ana ake, tayi pakhosi, akupempha nambala ya firiji."

Shuga atawagwira, maso anayamba kuchita chifunga. Miyezi iwiri anaithera pa chithunzi chimodzi, mphuno itagunda pagalasi la kompyuta: manja a akazi awo akuwapaka mafuta kumapazi otupa, mtsempha uliwonse poyera, chipsera cha mpeni pachala. Anachiika Lolemba. Pofika Lachisanu oonera anali khumi ndi mmodzi.

"Mwina muikepo kambina pang'ono," ndinatero, kuti aseke.

Sanaseke. "Awa ayi," anatero, n'kuzimitsa kompyuta.

Anamwalira mwezi wotsatira.

Pano m'situdiyo muja akugulitsamo machaja. Msewu udakali waphokoso, koma palibe woti n'kuseka naye. Masana ndikaimitsa makina osokera ndimapezeka ndatchera khutu kukhoma, kudikira munthu atukwane intaneti kuti ndipeze chifukwa chodzukira pampando. Kumangomveka wailesi. Ndimapondanso makina.