Mfutso wa Nkhwani Unandigonetsa Kupolisi

Munthu wa imvi ngati ine sayenera kukwera galimoto ya apolisi chifukwa cha ndiwo, koma ine ndinakwera, anyamata a pa kampani akundijambula ndi mafoni.

Ndine mlonda pa nyumba ina yosanjikizana ku Business Bay, kuno kudziko la eni, kutali ndi Malawi. Timagona m'nyumba za kampani, anthu ambiri chipinda chimodzi, koma onse ndi ana. Akaweruka aliyense amatseka makutu ndi timawaya, ine n'kumalankhula ndi khoma. Chondisangalatsa chinali jumbo ya mfutso wa nkhwani yomwe mayi a kunyumba ananditumizira. Ndinkaibisa pansi pa matiresi chifukwa anawa ndi akambelembele.

Tsiku lina woyang'anira nyumbazo, yemwe si wakwathu, anabwera kudzayendera ukhondo. Anatukula matiresi, anaona masamba ouma, ananunkhiza, n'kuimba foni. Khalasi, monga amanenera kuno: basi, zatha.

Kupolisi anandifunsa m'Chingerezi. Ine sukulu ndinayamba ndili ndi ndevu kale, ya kwacha ija, ndipo mawu oti mfutso pa Chingerezi sanatiphunzitse. (Za unyamata wanga ku Nkhotakota musandifunse. Mtima unkangoti: tsiku lija lafika, mochedwa chabe.)

"Zachokera kuti izi?" anafunsa wapolisi.

"Ku Malawi, bwana."

Anayang'anizana ndi mnzake ngati amva dzina la m'bale wawo.

"Amalima ndani?"

"Mkazi wanga. Kuseri kwa nyumba, dimba lonse."

"Umagulitsa?"

"Ayi bwana, ndimangogawira anzanga Lamulungu tikachoka kutchalitchi."

"Ukagwiritsa ntchito umamva bwanji?"

Apa ndinayankha ndi mtima wonse. "Ndimaona ngati ndili kumudzi. Nthawi zina ndimalira."

"Yala, habibi," anatero m'chilankhulo chawo, kutanthauza kuti tiye bwanawe, akunditsegulira chitseko cha selo.

M'menemo ndi m'mene ndinazindikira kuti ndadzimangira ndekha mlandu wa chamba, ndamangitsanso mkazi wanga ndi theka la mpingo. Kuno chamba si nthabwala. Ntchito imatha, ndende ilipo, kenako ndege yobwerera kumudzi chimanjamanja.

Wondiyendera anali mmodzi yekha, Mwale, mlonda mnzanga wa ku Chipata. Anabwera ndi nzeru zomwe anatola kwa anthu.

"Mudala, njira zilipo. Kanani, munene kuti jumbo si yanu."

"Ndikane mfutso wofutsa mkazi wanga ndi manja ake?"

"Ndiye pezani loya."

"Loya adya chiyani, yunifolomu yanga?"

"Apo ayi vomerani, munene kuti n'koyamba. Akuti woyamba amamumverako chisoni."

"Iwe Mwale, ndivomere kuti ndimasuta nkhwani?"

Mwale anaseka mpaka wapolisi anamuloza chala. Atapuma anati, "Nanga bwanji osawapempha kuti akapime? Masambawo ndi mkodzo wanu womwe."

Ine ndinali ndi njira yanga yachidule. Ndinapempha wapolisi mphika, madzi, tomato ndi nsinjiro pang'ono, kuti alawe yekha mlandu uthere pomwepo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kulemba zinazake. Ndikukhulupirira analemba kuti mkuluyu zinthu zija sizinamuthere m'mutu.

Zokapimazo apolisi anali atatumiza kale, sanadikire nzeru za Mwale. Ndinakhala masiku angapo ndikudya mpunga wachikasu pakati pa anthu oti sitimvana chilankhulo. Zotsatira zitabwera, mkodzo unali woyera, masamba anali a maungu, ndipo mlandu sunafike n'kukhoti komwe. Ndinafunsa ngati angandibwezere jumbo yanga. Anati yathera kopima.

Ntchito ndinaipeza ilipo. Koma anzanga a Lamulungu aja, omwe anaitanidwa kukapereka mkodzo chifukwa cha pakamwa panga, mpaka lero amandipatsa moni wa patali. Anyamata a m'chipinda amanditchula Rasta.

Mayi a kunyumba sindinawauze. Ataimba foni anafunsa, "Bambo a Chikondi, mfutso uja unakoma?"

"Unakoma kwambiri. Ngakhale akuluakulu a boma kuno anaufuna."

"Ee? Ndiye mwachita mwayi. Mwana wa a Nabanda akubwera konko kudzagwira ntchito ya m'nyumba. Ndamupatsira wina, wa khwanya, jumbo yaikulu."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwaletse. Chomwe chinatuluka n'chakuti, "Muikemonso nsinjiro."