Invata ya m'boti ndi dzina la mdzukulu wanga

Lolemba

Amene anandiuza koyamba za invata ndi a Mwale, dalaivala wa thiraki wodutsa pa boda kawiri pa sabata. Akuti, "Madala, kabokosi aka kamasandutsa moto wa batire kukhala magetsi a m'tauni." Ndinagula. Kali pansi pa bedi langa, m'boti muno.

Eya, m'boti, ku Mchinji konkuno kopanda nyanja. Boti lakale la bwana wa esiteti, lokhala ndi kadenga, lomangidwa pachitsulo pakati pa damu. Ndimagona momwemo, kulondera chambo kuti anthu asaponye maukonde. Kuchokapo sindiloledwa.

Nkhani ndi iyi. Mwana wanga Esinala wachira ku Chipata, mwana wamwamuna. Loweruka akutuluka m'chikuta. Mkamwini akuti, "Tiimba eyiti koloko m'mawa kuti mutchule dzina. Mukapanda kutchula, atchula bambo anga." Asewere amenewo! Munthu woti ana ake onse anawatcha mayina omva pa wailesi.

Dzina ndili nalo, la malemu atsibweni anga. Chofunika n'chimodzi: foni ikhale ndi moto Loweruka.

Zomwe ndili nazo: sola, batire, invata, masiku asanu. N'zokwana.

Lachiwiri

Invata ikulira tii, tii, tii. Kanyale kofiira. Ine zilembo ndinazitola kusukulu ya kwacha nditamera kale imvi, koma khutu langa silinama. Kulira uku n'kwa njala.

Ndikwera padenga. Sola yayera mbee ndi zitosi za akakowa! Ndipukuta ndi malaya.

Masana matenanti atatu afika pabwato la kapitawo, mafoni m'manja, akufuna kutchaja. Ndikane bwanji? Akhala pansi, akuti, "Agogo, pamene tikudikira, nkhani ija ya chigafa chomwe chinagwera abusa ku Kapondo." Ndisimba mpaka dzuwa kupendeka. Mafoni awo adzaza. Yanga timizere tiwiri.

Lachitatu

Mphepo yatembenuza boti. Sola yafulatira dzuwa ngati mkazi wokwiya. Ndipalasa, boti litembenuka. Ndikhala pansi, libwerera. Kanayi konse. Msana!

Alendo a lero:
mafoni asanu ndi awiri,
wailesi ya mayi Nabanda,
tochi,
makina ometera a Fulaye, ndi mutu woti ametepo.

Mutuwo ndi wa kapitawo. Makina athima pakati pa ntchito, mbali imodzi mpala, mbali ina nkhalango. Kapitawo akuti, "Mwandiphetsa, Lamulungu ndiwerenga mawu kutchalitchi." Ndimuuza ya munthu wina wa kwa Zulu amene anametedwa ndi galasi la botolo. Saseka. Ena onse aseka.

Foni yanga sinapeze malo papulagi. Mwini nyumba amadya pomaliza.

Lachinayi

Tii, tii, kenako zii. Ndiika khutu pabatire. Mulibe kuwira kuja. Nditsegula tizivundikiro: mwauma gwa! Ludzu basi. Madzi ali ponseponse pondizungulira. Nditunga, ndisefa ndi mpango woyera, ndithira mpaka pakhosi.

Patapita kanthawi, fungo la mazira owola.

A Mwale aima kumtunda, akukuwa: "Mwathira chiyani? A m'damu? Madala, batire si ng'ombe! Ili ndi madzi akeake a m'botolo!" Akuti adzanditengera ku boma Lolemba.

Lolemba! Pofika Lolemba mwana adzakhala akuitanidwa kale.

Lachisanu

Ndapempha kapitawo andiikire foni kuofesi. Wavala chipewa mpaka m'makutu. Akuti kalaliki wapita kumaliro ku Kachebere ndi makiyi m'thumba. Kaya n'zoona, kaya ndi tsitsi lija.

Ndalemba pakatoni: LERO SITITCHAJA. Palibe wabwera. Damu lonse chete. Sindinadziwe kuti tsiku limatalika chonchi.

Ndakhuthula madzi aja pang'ono m'chitini. Mitu ya batire yamera zobiriwira, ndaipala ndi mpeni, ndamanga mawaya ndi mphira. Dzuwa lili paliwombo, invata yadzuka, yang'ung'udza ngati njuchi, yagwira nthawi yongokwana kumwa tiyi. Yafanso.

Kamzere kamodzi. Kamodzi n'kokwana kutchula dzina. Ndathimitsa foni, ndaikulunga m'jumbo, ndaiika m'thumba la jekete.

Madzulo ndayeserera mawu anga pamaso pa akakowa. Amvetsera bwino. Awiri okha ndi amene auluka.

Loweruka

Ndasamba, ndavala jekete. Ndiyatsa foni. Kamzere kalipo!

Eyiti koloko foni ikulira. Mkamwini: "Ababa, tonse tili pano, mwana ali m'manja. Tchulani."

Tsono dzina silingogwa ngati chitosi cha kakowa. Mwana ayenera kudziwa mwini wake anali ndani. Ndiyamba: atsibweni anga kunyamuka ku Chipata wapansi, makina osokera pamutu, chaka cha dzombe. Ndikumva Esinala: "Ababa, dzina." Ndikuti dikira mwanawe, tafika pa mtsinje. Mtsinje wadzaza, atsibweni avula buluku, alimanga pamakina. Ndikumva asewere akutsokomola. Atsibweni alowa m'madzi, madzi m'chiuno, madzi m'khosi...

Ndikusimbabe mpaka kutsidya. Nditchula dzina mokweza. Palibe nthungululu.

Ndiyang'ana foni. Yakuda bii. Kaya inathima tili m'chiuno, kaya m'khosi.

Lamulungu

M'mawa uno a Mwale aima kumtunda, akuchokera ku Chipata. Akukuwa: "Mwana ndi Dereki! Akuti anakudikirani pa mtsinje paja mpaka tiyi kuzizira!"

Dereki. Chabwino. Akuti ndi wonenepa, ali ndi makutu anga. Esinala akuti ndisadandaule, wotsatira adzakhala wanga, koma dzinalo ndidzalembe papepala, a Mwale adzapereke.

Mphepo yaleka. Sola yayang'ana dzuwa yokha. Invata ikung'ung'udza bwinobwino, kanyale kobiriwira, popanda ine kuigwira. Foni ili pa timizere titatu, palibe woimba.

Katoni ija ndachotsa. Bwato la kapitawo likubwera, ndikuona mitu inayi ndi chipewa chimodzi. Amva ya atsibweni lero, yonse, mpaka kutsidya.

Pepala lija ndalemba kale. Yotamu. Liwu limodzi lokha. Kani zimatheka.