Zikomo Bwana Potipulumutsa ku Keke ya Amake Beauty

Kalongwezi,
Chipata.

Kwa Bwana Mkulu Woyang'anira Ukhondo wa Zakudya,

Wolemekezeka Bwana,

Ndalemba kalata ino nditagwada, ngakhale kuti mawondo anga masiku ano sagwirizana nazo zogwadagwada. Ndine Rabecca Njobvu, mphunzitsi wopuma. Ndinadya choko zaka makumi atatu ku Chiparamba ndisanabwere kudzakhala kuno kutauni. Ndikanakonda kukuuzani izi pamaso, koma maulendo anayi amene ndafika ku ofesi kwanu andiuza kuti muli ku wekishopu. Ndakondwa kumva kuti mukuphunzirabe. Ndiye ndati ndilembe poyera, mwina wina akuwerengerani pa nthawi yopuma.

Ndiyambe ndi kuulula mlandu wathu. Tilipo atatu: ine, a Tryness Miti amene amalembera amalonda mapepala a katundu pamalire a dziko pa Mwami, ndi a Millicent Daka, amene tonse timawaitana kuti amake Beauty. Loweruka lililonse masana timakumana m'khitchini mwanga n'kumaphika makeke. Sitigulitsa ayi. Ena timamwera tiyi, ena timagawira aneba, ena timatengera odwala a kumpingo kwathu. Opserera amadya amuna anga, a Boaz, ndipo mpaka lero ali moyo.

Gulu loopsali linayamba zaka ziwiri zapitazo, atamwalira a Howard, amuna awo a amake Beauty. Maliro atatha mayiyu anadzitsekera m'nyumba miyezi isanu. Kwaya anasiya, foni osayankha, makatani osatsekula. Tsiku lina a Tryness anapita kumeneko n'kukaima pakhomo. Anati, "Amake Beauty, mangani chitenje. Ife keke yatikanika, tiyeni mukatiseke." Anabweradi. Tsiku limenelo anangokhala pampando kutiyang'ana. Loweruka lotsatira anandilanda mthiko, akuti ndikutakasa ngati ndikuponda matope a njerwa. Loweruka lachitatu anaseka mpaka misozi, keke ya a Tryness itatuluka mu uvuni ndi dzenje pakati loti nkhuku n'kuikiramo mazira. Kuyambira pamenepo mphunzitsi wathu anakhala iwowo.

Chaka chino mwana wawo Beauty anapeza banja ndi mnyamata wina dzina lake Enoch. Amake anati keke ya ukwati aphika okha, popeza bambo ake a mwanayo palibe, iwo asaoneke kuti abwera chimanjamanja. Tinayeserera miyezi inayi. Lachisanu lina masabata asanu apitawo, ukwati uli mawa lake, keke inaima patebulo langa: nsanjika zitatu, yoyera mbee, maluwa a shuga apepo amene amake Beauty anaumba limodzilimodzi ndi zala zawo, ndipo pamwamba zilembo ziwiri, B ndi E. A Tryness anaimba nthungululu. Mwina nthungululuyo ndiyo inatiulula.

Tsopano ndiloleni ndithokoze mwadongosolo, monga ndinkaphunzitsira ana.

Choyamba, ndikuthokoza chifukwa cha mphuno za antchito anu awiri, a Harrison ndi a Abednego. Kuti galimoto ya ofesi ifike kwathu, inadutsa ngalande yomwe yakhala itatsekeka kuyambira mvula yatha, inadutsa nyama imene imagulitsidwa pamsewu itavala jekete la ntchentche, koma mphuno zimenezi sizinasokonezedwe ndi tizinthu tating'ono totere. Zinalunjika kumene kunali fungo la vanila. Ukatswiri wotere sumaupeza paliponse. A Harrison ndinawazindikira asanatsike n'komwe, chifukwa ndinawaphunzitsa giredi faifi. Analowa osaodira n'kunena kuti, "Amayi, tamva kuti pano pali bekare yopanda laisensi." Ine ndinati, "Harrison mwana wanga, si bekare iyi. Mawa ndi ukwati wa Beauty." Anandiyankha akuyang'ana keke kuti, "Ndikakhala pa ntchito ndilibe aphunzitsi." Ndinanyadira, Bwana. Mwana amene ankalephera kuima pamzere wa asembule lero akuima nganganga pa lamulo.

Chachiwiri, zikomo pondiphunzitsa tanthauzo la mawu oti sampulo. Zaka zonse zija ndinkanamiza ana a eni kuti sampulo ndi kachidutswa kakang'ono kamene munthu amatapa kuti akayese. Ndinafika mpaka potenga mpeni kuti ndiwadulire kumbuyo, pamalo poti tingathe kubisa ndi maluwa. A Abednego anandigwira dzanja. Anati makina a ku labu safuna chinthu chodula, amafuna chathunthu. Choncho sampulo inakhala nsanjika zitatu zonse, thabwa lake, ndi zitini zathu zophikiramo zisanu, zoti akaone ngati zili ndi dzimbiri. Amake Beauty atagwada n'kuwapempha kuti asiyeko ngakhale yapamwamba yokha, a Abednego anawalangiza mwachikondi kuti, "Amayi, zophikaphika za m'manyumbazi ndi zimene zikupha anthu. Mukufuna mawa ukwati usanduke maliro?" Mawu oyenera kwambiri kuuza mayi wamasiye, Bwana. Sindikudziwa ngati amaphunzitsa zimenezi ku wekishopu kapena ndi mphatso yobadwa nayo.

Ndiyamikirenso mmene anainyamulira poizoniyo. A Abednego anakhala nayo kumbuyo ataiika pamiyendo ngati khanda, ndipo ndinamva ndi makutu anga a Harrison akuuza dalaivala kuti ayende pang'onopang'ono m'maenje, maluwa angagwe.

Chachitatu, pepala la chidindo limene anamata pa chitseko cha uvuni wanga likadalipo, ndipo ndimalipukuta fumbi m'mawa uliwonse. Muli mawu atatu olakwika sipelo, koma umenewo ndi mlandu wanga, wowaphunzitsa ndine.

Chachinayi, mwatichotsa kunyada. Galimoto itachoka tinatsala atatu kuyang'ana patebulo pamene panali keke. Amake Beauty anakhala pansi penipeni, pasimenti, manja ali pamiyendo. A Tryness ndi amene anadzuka. Anati, "Ukwati sudikira labu. Nyamukani." Tinathamangira kutauni kukagula fulawa, majarini ndi mazira, n'kupita kwa a Tryness, kumene tinapeza magetsi atazima. Zitini tinalibe. Tinathira mchenga mumphika waukulu, kuuika pambaula, kulowetsamo poto wa keke, makala ena pachivundikiro, ngati mmene tinkaphikira zigumu tili atsikana. Amake Beauty anakana kukhudza chilichonse. Tinawapatsa mthiko, anaubweza. Tinawafunsa shuga ngati wakwana, anati, "Musandifunse ine. Manja angawa akuti ndi akupha." Ndiye keke tinaphika ine ndi a Tryness, anthu awiri amene ndakuuzani kale luso lawo. Inatuluka ya nsanjika imodzi, yopendekera kumanzere ngati munthu wochokera kumowa, ndipo kunsi kwake tinachita kupala ndi mpeni.

Imeneyo ndiyo keke imene Beauty ndi Enoch anadula pamaso pa anthu mazana awiri. Mwanayo ali ndi mtima wabwino. Analuma, anamwetulira, n'kupita kukakumbatira amake. Koma ine ndinali pafupi ndipo ndinaona. Pamene anthu ankavina, amake Beauty ankayang'ana nkhope za alendo mmodzimmodzi, kudikira kuti agwa ndani. Tsiku limene analikonzekera miyezi inayi analithera pa ntchito yolondera. Palibe amene anagwa, Bwana, ngakhale kuti keke ya pamchenga ija sinayesedwe ndi makina alionse. Tinapulumuka mwamwayi.

Chachisanu, ndipo apa ndiye mtima wanga wadzaza zedi, ndikuthokoza kudzipereka kwanu. Nthawi zonse ndikabwera kudzafunsa zotsatira, mayi wa pawindo amandiuza kuti sampulo inapita ku Lusaka ndipo zotere zimatenga nthawi. Ndinkakhulupirira. Koma sabata yatha kunabwera a Jonah, mlamu wawo wa a Tryness, amene amajambula zithunzi m'maukwati ndi m'maphwando. Anadzatipatsa zithunzi za ukwati wa Beauty. Tikuona pa kompyuta yawo, dzanja linatsetsereka n'kutsekula za ntchito ina, imene anagwira Lamulungu lotsatira ukwatiwo ku famu ina ku Kasenengwa. Linali phwando lokumbukira kubadwa kwa bwana wina wamkulu. Matenti awiri, mbuzi yowotcha, alendo ovala bwino. Ndipo pakati pa tebulo lalikulu, Bwana, panali labu.

Sindinkadziwa kuti Lusaka anasamukira ku Kasenengwa, koma ife opuma ntchito nkhani zimatipita. Nsanjika zitatu zonse zinafika bwino. Maluwa apepo onse ali m'malo mwake, zikomo kwa dalaivala. Chimene chinasowa ndi chilembo cha E chokha, chimene wina anachichotsa mwaluso n'kufafaniza pamalopo ndi supuni. B anatsala yekha pakati, ndipo ndikuganiza kuti amaimira Bwana.

Pa chithunzi china mwagwira mpeni, amayi akunyumba agwira dzanja lanu, nonse mukumwetulira. Pa china mwatsegula pakamwa ndipo akukudyetsani. Ndinagwetsa misozi. Ndi atsogoleri angati amene angalolere kuyesa poizoni ndi mimba yawo, pofuna kuteteza anthu wamba? Ndipo simunayese nokha. Munaitana abale, anzanu a ku wekishopu, ngakhale adzukulu anu, kuti zotsatira zikhale zodalirika. A Harrison akuoneka kumbuyo ndi mbale ya pepala, akuyesa kachiwiri. A Abednego, amene ankaopa kuti ukwati usanduka maliro, ajambulidwa akukulunga chidutswa m'kapepala, ndikhulupirira kuti amakapitiriza kafukufuku kunyumba. A Jonah akuti pomwe ankalongedza makamera, pathabwa panali patatsala nyenyeswa zokha, ndipo mayi wina ankafunsa kuti keke yotere mwaigula kushopu iti.

A Tryness anafuna kuti zithunzizi azimwaze pa mafoni a Chipata yense tsiku lomwelo. Ndinawaletsa. Ndinati munthu wamkulu ngati inu sayenera kuyamikiridwa mothamanga.

Koma pali chimodzi chimene chikundisowetsa mtendere. Amake Beauty sanaone zithunzizi, chifukwa sakutsekula chitseko. Papita Maloweruka asanu osabwera. Makatani atsekanso. Beauty waimba foni kuchokera kubanja kwake akulira, akuti amake akumufunsa mobwerezabwereza ngati palibe mlendo amene anadwala atachoka ku ukwati. Dzulo ndinaima pawindo lawo n'kuwauza kuti keke yawo ilibe vuto, anthu anadya ndipo ali bwino. Anandiyankha ali m'kati kuti, "Aphunzitsi, inu mumandikonda, mukhoza kundinamiza. Aboma ananena okha." Mukuona mmene anthu amakulemekezerani, Bwana? Mawu a mnzawo wa zaka makumi awiri sangafafanize mawu a munthu wa chidindo.

Choncho ndikubwera ndi mapempho ochepa, ndipo ndikudziwa kuti sindiyenera ngakhale limodzi.

Zitini zathu zisanu, ngati kafukufuku wa dzimbiri watha, tikuzifuna. Amene anagulira amake Beauty chachikulu chija ndi malemu amuna awo. Musavutike kutsuka.

Pepala la pa uvuni, tumizani munthu wodziwa kumatula, chifukwa ine ndikuopa kuphwanya lamulo ndi zikhadabo zanga.

Pempho lalikulu ndi ili. Zotsatira za labu muli nazo kale, zakhala m'thupi mwanu masabata asanu. Zilembeni papepala la ofesi, mzere umodzi wokha, kuti keke ya a Millicent Daka inadyedwa yonse ndi anthu olemekezeka ndipo palibe amene anamwalira. Mudinde chidindo chachikulu chija. Ndiyeno mubwere nalo nokha, osatuma a Abednego, mudzagogode pakhomo la mayiyu, mudzawawerengere mokweza mpaka atsekule. Ngati mtima wanu wachifundo ungalole, mudzawonjezere pakamwa kuti inali yokoma. Sindikukupemphani kunama. Chithunzi chimene mwatsinzina uku mukutafuna ndili nacho.

Loweruka likubwerali ndi labwino, ngati kulibe wekishopu. Akatsekula chitseko tidzapita tonse kwathu, tidzayatsa uvuni, ndipo inu mudzakhala mlendo wathu wolemekezeka. Mpando wabwino tidzakupatsani, mudzaonerera mmene timasambira m'manja, mudzanunkhiza vanila mmene mungafunire.

Chonde, Bwana, pobwera mudzayambe mwadya kwanu.

Ine wantchito wanu wosayenera, wophika mopanda laisensi,

Rabecca Njobvu (Mayi)
Mphunzitsi wopuma