Anafufuta Apongozi Ake

Inu, tamverani! Khoma la pakati pa ife ndi aneba athu ndi lopyapyala moti akayetsemula uko, mwana wanga amadzuka kuno. Ndiye dzana ndikuyamwitsa, ndinangomva mayi wa kuseriko:

"Mwafufuta bambo anga?"

"Iwe, si bambo ako enieni, ndi dzina lawo chabe mukompyuta!"

Bambo wa kuseriko timamutcha Tayi, chifukwa ngakhale potaya zinyalala amamanga tayi. Amayang'anira chikompyuta chachikulu cha kukampani, ndiye amanena kuti uyu atsegule ichi, uyu asakhudze icho. Ntchitoyo anamupezera ndi apongozi ake, omwe anaigwira mpaka kupuma.

Tayi atakhala pampando, anati ndisese. Anaona dzina la mkuluyo, n'kulifufuta. Osadziwa kuti mafayilo onse akale mwini wake anali dzina lomwelo! Anangotsala amasiye, ndipo chikompyutacho, chinthu chopanda chisoni, sichitsegulira munthu popanda mwini wovomereza. Kampani yonse njo!

"Ndiye munatani, abambo anzeru?"

"Ndinawalemba onse m'dzina langa."

"Eee! N'chifukwa chake foni imalira mpaka kubafa?"

Zoonadi, ifenso timaimva. Aliyense wofuna kutsegula kanthu amaimbira Tayi. Munthu anaonda, tayi n'kumazungulira khosi. Paja amati wosesa mothamanga amasesa ndi makiyi omwe.

Atatopa anati basi, aliyense atsegule chilichonse. Amayi inu! Mlonda wa pageti, pofuna kuona tsiku lake lopuma, anakapeza zaka zenizeni za abwana aakulu. M'mawa mwake anawalonjera, "Mwadzuka bwanji, agogo?"

Abwana anati pofika Lachisanu fayilo lililonse likhale ndi mwini woyenera, apo ayi Tayi akamangire tayi yake kwina. Tsono wodziwa kuti ili ndi la dipatimenti iti ndi mmodzi yekha padziko: apongozi anafufutidwa aja.

"Uwaimbire ndiwe, mayi a mwana. Amakumvera."

"Ine? Ndinafufuta ine? Nayi foni, ndawaimbira kale, yayamba kulira."

Ndinachotsa mwana kubere kuti ndimve bwino. Mawu a Tayi anachepa ngati a kamwana ka mbuzi.

"Bambo… ndinakuchotsani pang'ono mumakina muja."

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. Ndinamva ndi makutu angawa: "Usadandaule, mkamwini, ndibwera mawa. Koma mafayilowo ndi ambiri, mutu wanganso wakalamba. Ofunika mwachangu tithana nawo pofika Lachisanu. Otsalawo ndizikumbukira limodzi patsiku, ndikadya bwino. Ndizikhala kwanuko."

Foni inadulidwa. Kenako mipando inakokedwa, mbale zinagunda patebulo. Ine ndinati yatha, ntchito yapulumuka. Koma pakati pa kulira kwa masipuni ndinamva Tayi akufunsa motsitsa:

"Nanga chipinda n'chimodzi, azigona pati?"

"Pabedi. Idyani msanga, mukapemphe mphasa kwa aneba."

Aneba ake ndi ine, anthuni. Ndipo mphasayo mwana anaikodzera.