Kukazonda Ndalama za Chiliza

Usiku watha ndinalota ndikupita kukazonda ndalama zanga, ndipo n'chifukwa chake ndalawirira kudzabwereka khasu lanu, a Bizweki. Musandiyang'ane choncho, sindinapenge. Siyani kaye bawoyo nonsenu mundimvere, poti inu a Bizweki munalimonso m'malotomo, ngakhale simunachitemo chanzeru.

Mukudziwa kuti mkazi wanga Eneresi, mayi a Ndaziona, atatisiya mu Novembala muja, ndinagulitsa makina ake osokera kwa mayi a Fulo, a chipinda choyandikana ndi changa, kuti ndimumangire chiliza kwawo ku Chiradzulu. Alamu anga a Yotamu anandiuza kuti chikhale chitaima mvula ya chaka chino isanagwe. Ndalamazo zinkakwana matumba asanu ndi atatu a simenti, ndi mmisiri yemwe. Poti ndimadzidziwa kuti thumba langa la buluku lili ndi khomo lotulukira lokha, ndinakaziika kubanki ya zitseko zagalasi ija. Kuyambira pamenepo, Lachisanu lililonse ndikaweruka kosoka nsapato, ndimapita pamakina a pakhoma paja, kulowetsa khadi, kuona ngati zilipo, n'kubwerera kunyumba. Sindinatapepo ngakhale tambala. Kungoziona basi.

Kulotakonso linali Lachisanu. Ndinavala jekete langa la pamaliro, m'manja nditanyamula kambale ka phala kokulunga pansalu, monga timachitira popita kuchipatala. Ndiye ndili pamzere, inu a Bizweki muli patsogolo panga mutasenza mbuzi pamutu, mukuti mwabwera kudzaisungitsa. Mbuziyo inandicheukira n'kunena kuti, "Achimwene, mundiyang'anitsitse lero. Podzatuluka muno ndidzakhala chikopa chokha." Munaimenya mbama, mzere n'kuyenda.

Nditafika pamakina, khadi langa linakakamira m'thumba.

"Lero sindilowa," linatero. "Ndatopa. Mukandilowetsa muja amandinyambita."

"Iwe kapulasitiki, ndinakugula ndi ndalama zanga."

"Ndipo mukundigulabe mwezi uliwonse. Mkazi mumalowola kamodzi, koma ine ayi."

Ndinalikoka ndi mphamvu n'kulikankhira m'kamwa mwa makina. Makinawo anakhosomola, kenako anati, "Takulandirani, a Thombozi. Mwabwera kudzatapa kapena kudzangousa moyo?"

"Ndabwera kudzaona odwala."

"Kuona n'kolipira."

"Nanga ndikatsinzina?"

"Kutsinzina pamaso pa makina kulinso ndi mtengo wake."

Mwadzidzidzi kakamwa ka makina kaja kanatseguka ngati chitseko cha minibasi, ndiye ndinawerama n'kulowa. M'katimo munali wodi ya chipatala, yaitali mpaka kosaoneka mathero, yozizira ngati nyumba ya chisoni. Mlonda wa pabanki uja amatiuza kuti tivule zipewa anali atasanduka nkhukundembo, akuyendayenda atatambasula mchira, mfuti ili m'khwapa. Pabedi lililonse panagona ndalama za munthu. Apa penshoni ya mphunzitsi ili pa diripi, apo ndalama za fizi ya mwana zikubuula zitapinda maondo. Palibe yemwe ankalira mokweza. Aliyense wodzazonda ankangovula chipewa n'kukhala pambali pa zake.

Zanga ndinazipeza kubedi la kukona. Sizinali ndalama ayi, chinali chiliza chenichenicho, chomangidwa kale, dzina la Eneresi litalembedwa bwinobwino, atachifunditsa chitenje chake cha kwaya. Koma anzanga, chiliza chimene ndinkachiona m'mutu mwanga chachikulu ngati chitseko, apa chinali ngati kampando kokhalira pochapa.

"Mwabweranso?" chinandifunsa ndi mawu otopa.

"Ndakubweretsera phala."

"Mukanangokhala kunyumba, bambo."

Ndisanafunse chifukwa chake, panafika mtsikana wa pakauntala uja, wa zikhadabo zazitali zopaka zofiira. Anandimwetulira monga mwa masiku onse, ndiye kumwetulirako kunapitirira mpaka m'makutu, mutu n'kufiira, thupi n'kuyera, ndipo ndinangoona chiswe chachikulu ngati mwana wa ng'ombe chitavala yunifolomu. Chinaluma ngodya imodzi ya chiliza.

"Iyi ndi ya mwezi," chinatero mwaulemu. Chinaluma ina. "Iyi ndi ya khadi." Chinaluma kachitatu, pafupi ndi dzina. "Iyi ndi ya kubwera kwanu lero. Pali china chimene tingakuthandizeni, bwana?"

Foni inalira m'thumba mwanga, n'kutulutsa mutu ngati mwana wa kunsana. "Ndikudziwitseni kuti akudulani ndalama," inatero. Inapuma pang'ono. "Kukudziwitsani kumeneku akudulaninso."

Ndiye ndinakuwa kuti ndikufuna manijala. Nkhukundembo inandilondolera kuchitseko, ndipo nditatsegula ndinapezeka ndili m'kati mwa thumba la chimanga. Pamwamba pa mulu wa ufa panakhala nankafumbwe wonenepa, atavala tayi, milomo ili mbuu ndi fumbi la simenti. Anadzipukuta ndi kampango n'kundilozera chitsononkho kuti ndikhalepo.

"Bwana," ndinayamba, "ine sukulu ndinalekera Sitandade Faifi, koma masamu ochotsera tinali titaphunzira. Ndikasungitsa njinga pamsika ndimalipira, sindikana. Koma madzulo ndimaipeza ndi matayala ake onse awiri."

"Munasayina, a Thombozi."

Anatulutsa pepala. Zilembo zake zinali zing'onozing'ono ngati njere za bonongwe, ndipo zinkayenda, zina kukwera pamkono panga n'kumandiluma.

"Munawerenga?"

"Ndikanawerenga bwanji? Mtsikana wanu anaika chala pamene ndiyenera kusayina. Chikhadabo chokhacho chinabisa ndime zitatu."

Nankafumbwe anaseka mpaka tayi kugwedezeka. Kenako anandigwira paphewa ngati mnzake wa kalekale n'kundionetsa mizere yolembedwa ndi makala pakhoma la thumbalo. "Werengani. Makumi anayi ndi itatu. Maulendo anu onse. Kasitomala ngati inu sitinamuonepo, madala. Ena amasiya ndalama n'kuiwala, ife timangolawa pang'ono pakutha pa mwezi. Koma inu, mvula kapena dzuwa, Lachisanu lililonse mumatibweretsera ndiwo ndi manja anu."

Anzanga, ine mumandidziwa, pakamwa panga sipasowa yankho, ngakhale kwa wapolisi. Koma apa ndinangoyamba kuwerenga mizere ija ndi chala, umodziumodzi. Ndiye kuti nthawi yonseyi ndinkati ndikulondera chiliza cha mkazi wanga, pamene ndine ndinkatsegulira chiswe chitseko.

Ndinathamangira kuwodi kuja. Pabedi panatsala chitenje chokha. Nditachikutumula, panagwa kanthu kangati sopo wotsala pobafa, koterera, dzina lija losaonekanso bwino. Ndinakatola n'kukaika m'thumba la malaya, pamtima.

"Kutulutsa wodwala n'kolipira," chinatero chitseko chagalasi.

"Ndilibe kanthu."

"Muli ndi nsapato ziwiri. N'zambiri kwa munthu mmodzi."

Ndinavula yakumanzere, ndiye ine Thombozi, amene ndasokera nsapato theka la Lunzu, ndinatuluka ndikutsimphina, phazi limodzi lili pansi.

Kunja sikunali msewu wa tala uja. Inali njira ya ku Chiradzulu, koma mbali zonse kunali mabenchi a pamsika wathu, tomato ndi usipa mpaka kukwera phiri. Kumwamba kunada bii. Pawaya wa magetsi panatera khwangwala wa kolala yoyera, ndipo atatsegula mlomo anali mawu a alamu anga a Yotamu: "Alamu, mvula iyo! Mlongo wathu agonabe pansi pa mulu wa dothi ngati analibe mwamuna?" Ndinafuna kuwaonetsa kamwala kaja koma ndinachita manyazi. Ndinangokagwira m'thumba n'kumayenda.

Mwadzidzidzi ndinamva makina osokera akulira. Tchaka-tchaka-tchaka, kenako kwii. Kwii ameneyo ndimamudziwa. Ndi chopondera chimene Eneresi anandiuza zaka zitatu kuti ndimuthirire mafuta, ine n'kumati mawa. Ndinalondola kulirako, kudutsa kuseri kwa matelala, mpaka pakachipinda ka SACCO kaja, bungwe losungitsa ndalama la anthu a pamsika, kumene iye ankapita pakutha pa mwezi ndi kabuku kake kobiriwira. Ndinkamuseka ine. Ndinkati, "Imeneyo ndi banki yanji yopanda mlonda wa mfuti, yonunkha usipa? Ine zanga zidzagona pamalo ozizira." Zinagonadi pozizira.

Ndinalowa. Benchi linati, "Khalani, bambo."

"Zingati?"

"Kukhala n'kwaulere."

Sindinakhulupirire. Ndinakhala ndi thako limodzi, kuti akadula adule theka.

Kuseri kwa tebulo kunali msungichuma wawo, mayi Kalinde ogulitsa nyemba aja, koma atasanduka thadzi lalikulu lovala magalasi, litafungatira timabuku ta mamembala. Linanditambasulira phiko, ine n'kuikapo kamwala kanga. Linakatembenuza ndi mlomo.

"Kadyedwa," linatero.

"Mayi, mungakakulitse pofika Okutobala?"

"Ife si asing'anga, a Thombozi. Mulipira yolowera kamodzi, mugula masheya, mukhala mwini wake wa pano ngati ifeyo. Tikafuna kudula kanthu timayamba takangana pamsonkhano, inunso mudzalalata nafe, poti pakamwa muli napo. Kamwalaka sikachepanso. Koma ndisakunamizeni, mvula ya chaka chino ikupezani."

Pamenepo m'pamene misozi inatuluka, imene sinatuluke ngakhale tsiku loika maliro, poti tsiku lija ndinatanganidwa ndi kuseketsa adzukulu okumba manda. Thadzi linangokankhira kamwala kaja pansi pa nthenga zake, pakati pa timabuku, n'kundilozera katani ya kukona.

Ndiye ndinakoka kataniyo. Eneresi anali pamakina ake, atandifulatira, duku lake lachikasu lili kumutu, phazi likuponda.

"Bambo a Ndaziona, mwaonda," anatero osacheuka.

"Mwaona bwanji, maso ali kunsalu?"

"Ndamva mayendedwe. Nsapato ina mwapinyolitsa?"

"Banki yadya."

"Ehe. Pozizira paja." Anadula ulusi ndi mano. "Makina anga munagulitsa zingati?"

Ndinamuuza.

"Anakupusitsani mayi a Fulo. Ndi mabobini omwe?"

"Ndi mabobini omwe."

"Mayo ine. Munthu kungofa pang'ono basi."

Ndinaseka, iyenso mapewa anagwedezeka, ndipo kwa kanthawi zinali ngati tili kunyumba Loweruka masana. Ndinasuzumira kuti ndione chimene akusoka. Linali thumba la buluku langa, akutseka chibowo.

"Maulendo makumi anayi ndi atatu," anatero, makina n'kuima. "Lachisanu lililonse mumavala jekete kukaimirira pakhoma, chipewa chili m'manja. Kwa ine mwabwera kangati?"

Ndinawerama n'kumatola timaulusi pansi.

"Ndafunsa, bambo a Ndaziona."

"Ndimachita manyazi, mayi. Ndikafike bwanji chimanjamanja? Abale anu andione ndikutsika minibasi wopanda ngakhale thumba limodzi? Ndinkati ndidzabwere tsiku limodzi, ndi simenti pangolo, mudzi wonse uone kuti munakwatiwa ndi munthu."

"Mudzi uone. Nanga ine ndikuona chiyani? Udzu wandimera mpaka m'chiuno. Chisoso chokhachokha. Anzanga oyandikana nawo amandifunsa kuti kodi amuna anu oseketsa aja ali kuti, ine n'kumati atanganidwa. Ndayamba kunama ndili kumanda, chifukwa cha inu."

"Khasu ndilibe," ndinatero, poti munthu ukasowa chonena umatola chilichonse.

"A Bizweki ali nalo. Sanaligwirepo chiligulireni."

Pepani a Bizweki, ndi mawu a malemu, si anga.

"Lolemba ndikatapa zotsalazo, ndibwera nazo kuno kwa mayi Kalinde," ndinalonjeza. "Chiliza chidzaima, ngakhale chaka chamawa. A Yotamu alalate mpaka mawu aphwe."

"Za Lolemba ndi za Lolemba. Ine ndikunena za mawa."

"Mawa ndibwera."

"Mawa wanu uja wa mafuta?"

"Ayi, mawa weniweni. Koma mayi, tacheukani pang'ono. Nkhope yanu yayamba kundithawa. Ndikatsinzina ndimaona duku lokha."

Pamenepo ndinaona khosi lake likuyamba kutembenuka pang'onopang'ono, khutu, ndolo yake yaing'ono ija, m'mphepete mwa tsaya. Koma phazi lake linapondanso chopondera, makina n'kuyamba kulira, kulira kwake n'kumakula, kudzaza kachipinda konse, katani n'kuuluka, ndiye mwadzidzidzi ndinali chagada pamphasa panga, dzanja lili pathumba la malaya, mulibe kanthu.

Kunja kunali kutayera. Kuseri kwa khoma mayi a Fulo anali atayamba kale kusoka mayunifolomu a ana a sukulu. Ndinangogona pomwepo kumvetsera. Tchaka-tchaka-tchaka, kenako kwii. Nawonso sanathire mafuta.