Chitseko cha ku Namiwawa

Pali zinthu zina zimene munthu umafuna upite nazo kumanda osauza aliyense, koma iyi yafala kale Mbayani yense, ndiye bola muimve kwa mwiniwake.

Ine ndili ndi kashedi ka ukalipentala ku Mbayani komweko. Ndikakhala pagulu ndimati kampani, koma zoona zake ndi malata asanu ndi atatu, benchi imodzi, ndi ineyo. Ndimakhoma mabenchi, timashelefu, matebulo a pamsika, zinthu zoti zikapendekeka umangoika kachikatoni kunsi kwa mwendo nkhani yatha. Chaka chatha mwayi unandigwera. Mayi wina amene amaimba kwaya ndi akazi anga ankatsegula loji ku Mpingwe, ndipo anandipatsa ntchito ya zitseko khumi ndi ziwiri ndi makabati a kukhitchini, zonse za mlombwa, zithe m'miyezi iwiri. Ndinavomera msangamsanga. (Kuganiza kunabwera pambuyo, ndili m'minibasi.)

Ntchito yotereyi inkafunika amisiri enieni, atatu, a kontirakiti ya miyezi iwiriyo. Ndinalemba uthenga n'kuumwaza m'magulu a pafoni. Kunabwera anthu awiri. Woyamba anati anathandizako kukhoma denga la tchalitchi kwawo. Wachiwiri anagwira puleni chotembenuza, n'kundifunsa ngati nkhomaliro ili kwa ine. Sabata inatha chomwecho, mayi aja akuimba foni kufunsa ngati matabwa tayamba kupala.

Ndinazindikira kuti mmisiri wodziwa ntchito sathamangira dzina limene sanalimvepo. Apa m'pamene ndinakumbukira chithunzi china cha m'foni mwanga. Miyezi ingapo m'mbuyomo ndinakapereka khola la galu kunyumba ina ku Namiwawa. Nyumbayo inali ndi chitseko cha mbawa, chosemedwa masamba ndi mbalame, chokongola mpaka kuchita mantha kugogoda. Ndinapempha alonda kuti andijambule nditaima pambali pake, tepi ili m'khosi, pensulo pakhutu. Panthawiyo kunali kungosangalala chabe, Mulungu ndi mboni.

Ndinaika chithunzicho pauthenga watsopano, pansi pake n'kulemba kuti: "Bwerani mudzagwire ntchito ndi akatswiri." Sindinalembe kuti chitsekocho ndinapanga ine. (Sindinalembenso kuti sindinapange ine. Akazi anga anaona mfundo imeneyi, anangoti "Hmm," n'kupitiriza kusita.)

Foni inayamba kulira. Poona kuti anthu otere sangafunsidwire ntchito pansi pa malata anga, ndinabwereka kachipinda kuseri kwa shopu ya mnzanga ku Limbe, n'kuvala jekete la paukwati wanga. Che Jafali, amene amandinyamulira matabwa pakalole kawo, anandiimbira kuti akubweretsa munthu.

"Ndi mkulu wina wa ku Bangwe, a Domingo. Makolo awo anachokera ku Mozambiki. Ndawaonetsa uthenga wanu uja, akuti akufunitsitsa akuoneni."

Ndinamva kukoma. Akufunitsitsa andione!

A Domingo anali bambo wochepa thupi, wa imvi, malaya otsukidwa mpaka kuyera m'kolala. Anakhala pampando mwaulemu, chipewa pabondo. Che Jafali anatsamira pakhomo.

"Mwakhala pa ntchitoyi nthawi yaitali bwanji, bambo?" ndinafunsa, ndikulemba zopanda mutu m'kope.

"Yaitaliko ndithu."

"Muli ndi mapepala?"

"Ayi, bwana. Ndili ndi manjawa."

Apa ndinaona kuti ndiwaonetse msinkhu wa kampani. Ndinatsegula chithunzi chija n'kuwapatsa foni.

"Ife ntchito zathu zimakhala zotere. Mungafike pamenepa?"

Anatulutsa magalasi m'thumba, anawapukuta, anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Chitseko chabwino," anatero. "Munachipanga nokha?"

Abale, apa panali pothawira. Khomo linali lotsegula, ine ndinalitseka ndekha.

"Ndi anzanga ena, koma maganizo onse anali anga."

"Oho. Chinakutengerani nthawi yaitali bwanji?"

"Masabata awiri."

"Masabata awiri! Muli ndi liwiro. Nanga mbalamezi munasema ndi chiyani?"

"Tili ndi makina apadera," ndinatero. "Ochokera kunja."

A Domingo anagwedeza mutu ngati munthu amene waphunzira chinthu chatsopano. Che Jafali anali atayamba kuyang'ana kudenga, ndipo ine ndinkaganiza kuti akusirira siling'i.

"Ndifunseko chimodzi chomaliza, bwana. Mbalame ya m'munsiyi ili ndi phiko limodzi lalifupi. Munachitira dala?"

Ndinatenga foni n'kukulitsa chithunzicho. Zoonadi, phiko lakumanzere linali lalifupi. Sindinalionepo n'kale lonse.

"Ndi sitayilo imeneyo," ndinatero. "Azungu amaikonda."

"Iyayi," anatero a Domingo, mawu ali pansipansi. "Tchizulo inaterereka. Tsiku limenelo anabwera kudzandiuza kuti mwana wanga wamkazi wachira kuchipatala, mwana wamwamuna, mdzukulu wanga woyamba. Phiko linaduka, chala ichinso chinalawako." Anandionetsa chipsera pachala chachikulu. "Chitseko chimenechi ndinakhala nacho miyezi itatu."

Kunja kondakitala ankaitanira anthu a ku Bangwe, ndipo ndikunena zoona, ndinalakalaka nditakwera. Jekete lija linayamba kutentha ngati bulangeti. Che Jafali anatuluka panja, ndipo kuseka kwawo ndinakumva kudzera pawindo.

Ndinayesa kuyankhula. Ndinati mwina zitseko zimafanana. Ndinati uthengawo analemba ndi munthu wina. Kenako ndinangoti, "Pepani bambo. Ine kumene kuja ndinakapereka khola la galu."

"Ndinaliona," anatero. "Ndimapitako kukapaka vanishi. Galuyo amagona panja."

Ndinadikira kuti anyamuke azipita. Akanapita, ntchito ya ku Mpingwe inali itapita nawo, ndipo akazi anga akanasiya kwaya chifukwa cha manyazi. Koma mkuluyo anangopinda magalasi ake.

"Ntchito imene mukufunira anthuyi, iliko kapena nayonso ndi chithunzi?"

"Iliko, bambo. Zitseko khumi ndi ziwiri ndi makabati."

"Matabwa ndi ouma?"

"Ouma."

"Tiyeni ndikaone kumene mumagwirira ntchito. Kwenikweniko, osati kuno."

Tinakwera kalole ka Che Jafali mpaka ku Mbayani, ine pakati. A Domingo anazungulira kashedi kanga, anagogoda matabwa amodziamodzi, anayesa benchi ndi dzanja. Anati malo ndi ochepa koma mlombwawo ndinasankha bwino. (Mawu amenewa ndimawasungabe mumtima. Ndi okhawo abwino amene ndinamva tsiku limenelo.)

Anavomera ntchito, koma anaika mfundo zake. Uthenga uja ndiufufute iwo akuona. Amisiri ena awiri abweretsa okha. Ndipo pa ntchito imeneyi ine ndisagwire tchizulo kapena sowo.

"Nanga ine ndizichita chiyani?"

"Sandipepa."

M'mawa mwake anafika ndi amuna awiri amene sakanayankha uthenga wanga ngakhale ndikanajambulitsa pakhomo la kumwamba. Anabwera chifukwa a Domingo anawaitana, basi. Pafupifupi miyezi iwiri mwini kampani ndinakhala pakona ndikukwecha matabwa, fumbi mpaka m'makutu, anthu odutsa akufunsa ngati abwana alipo. Zala zinasalala mpaka foni inasiya kuzizindikira.

Ntchito inatha kutatsala masiku atatu. Mayi wa loji uja anayendera zitseko zonse, akutsegula ndi kutseka, kenako anandigwira mkono.

"Koma abambo inu, manja anu ndi odalitsika! Zonsezi nokha?"

Ndinamva chifuwa chikufufuma. Pakamwa panatseguka pokha. Kumbuyo kwanga munthu anatsokomola, kamodzi kokha, mwaulemu.

"Ndi bambo awa, mayi," ndinatero. "Ine ndinangosalaza."

Anthu amati ndinaphunzirapo kanthu, ndipo inenso ndimavomereza. Koma poti lero ndikuulula zonse, ndinene ichinso: chikhala kuti mkulu uja sanatsokomole, sindikudziwa chimene chikanatuluka pakamwa panga.