Buku Langa la Kachewere

Lolemba
Mabuku anga afika pa shapa, minibasi ya kuno, kuchokera ku Tete! Makumi asanu, onunkhira inki. Mutu wake: Kasungidwe ka Kachewere. Mbuzi ziwiri zapita kuti asindikizidwe. Cholinga: kugulitsa onse pofika Loweruka, kugula malata, kufolera kuchipinda mvula isanagwe. Mayi akunyumba angoyang'ana kudenga.

Lachiwiri
Anthu akuligwira, akulinunkhiza, akuyamikira, akubweza. Lagulidwa limodzi. Wagula ndi Zakeyu wa makina a fotokopiya pafupi ndi sukulu imene ndimaphunzitsa. Ndinkamuyesa wopanda pake, kani ndi munthu wokonda maphunziro.

Lachitatu
Zakeyu ndi mbava! Akugulitsa buku langa pa theka la mtengo, lopanda chikuto. Ndapita kukamukalipira, iye osatekeseka. "A pulofesolo, si inu munandionetsa malo aja a pa intaneti otengako mabuku aulere? Munati nzeru zilibe mwini." Ndinanenadi. Koma ndinkanena nzeru za anthu amene nyumba zawo zili ndi malata kale.

Lachinayi
Kumene bukuli lafika osandilawira:
pagulu la pafoni la kwaya;
kwa alimi a fodya ku Chidzolomondo, omwe salima n'komwe kachewere;
kwa alamu anga ku Furancungo, amene anditumizira ine mwini, ati ndiwerenge zindithandiza.


Lachisanu
Ndili pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, pokhapo pomwe foni imagwira intaneti. Ndikufuna lamulo loteteza olemba. Buku la malamulolo n'lodula, ndiye ndalitenga ulere kumalo aja. Ndili komweko ndalemba "kachewere", kungoyesa. Lilipo! Pakati pa mabuku a madokotala! Ndasangalala, sindibisa, mpaka ndavina pang'ono pachulupo. Kenako ndaona dzina la wolemba: Zakeyu. Chidindo cha shopu yake chili patsamba lililonse. Pambali pake pali mabuku atatu amene ndinatapamo mutu wachiwiri mpaka wachisanu wa buku langa. Kudandaula ndayamba ndaimika kaye.

Loweruka
Kumsika ku Ntengo-Wambalame. Ndayala mabuku pachiguduli kuyambira m'mawa. Bambo ena achikulire atola limodzi, atsegula, apukusa mutu. "Ili tili nalo kale, analemba a Zakeyu, munthu wamutu. Inu mwangokopera, mphunzitsi wathunthu, manyazi mulibe?" Palibe lagulidwa. Kumwamba kwada bii.

Lamulungu
Ulaliki wa lero: usabe. Mpingo wonse ukucheukira ine. Zakeyu ali kutsogolo, akuimba mwamphamvu, nsapato zatsopano. Mvula yayamba tili momwemo. Kufika kunyumba, bedi lanyowa, pansi pali matope. Mabuku anga makumi anayi ndi asanu ndi anayi mayi awayala pakona, pamwamba pake asanjapo matumba a mbewu ya kachewere. Ndafunsa chifukwa chake. "Tsamba lakhumi likuti mbewu isakhudze pansi ponyowa," akutero. Ndiye kuti aliwerenga! Ndafunsa kuti anatenga liti buku m'katoni. Ati ayi, iwo anagula la a Zakeyu, n'lotsika mtengo.